Makhadi Asanu Amene Sanatuluke

Uthengawo unafika Kadontho atangovula juzi n'kuikoloweka kumbuyo kwa mpando. Unachokera kwa mkwatibwi, mlongo wake wa Mawaya, chibwenzi cha Kadontho. Mtsikanayu masiku onse ankayamba ndi "alamu anga okondedwa" n'kutsatiza timitima tofiira titatu. Lero munalibe moni, munalibenso kamtima.

"Azakhali sanalandire khadi. Anthu asanu sanalandire, mmodzi mwa iwo ndi Nesi. Amayi akuti ubwere kunyumba 4 koloko. Wachitiranji zimenezi?"

Kadontho anauwerenga kawiri ali chiimire. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a pakampani yosindikiza mabuku, chifukwa kadontho kakasowa pa tsamba iye ankakaona ali pakhomo. Ndiye munthu wosaphonya kadontho akanaphonya bwanji anthu asanu athunthu, ena mwa iwo onenepa ndithu? Ngakhale iye mwini akanamva za wina, sakanakhulupirira.

"Nkhope yagwa chonchi m'mawa uno, wamwalira ndani?" anafunsa a Lumo akupukuta makina odulira mapepala. A Lumo anali mayi wamkulu ndithu, ndipo pakampanipo anthu sankagwirizana ngati dzinalo linachokera ku mpeni wa makinawo kapena ku lilime lawo.

Kadontho anangowapatsa foni. Iwo anaitalikitsa ndi maso n'kuwerenga milomo ikugwedera.

"Nesi wake uti? Uja ankasamalira malemu bambo ake a Mawaya kuchipatala? Amene apongozi akowo amangoti 'mwana wanga, mwana wanga'?"

"Yemweyo."

"Ndiye unamuchotsadi?"

"Achemwali!"

"Ndikungofunsa, mng'ono wanga. Ine ndikanamuchotsa. Koma azakhaliwo ndikanawasiya kuti zisaonekere."

Tsiku lina Kadontho akanaseka. Leroli anangokhala pampando. Kwa chaka chathunthu mayi ake a Mawaya ankamuyang'ana ngati kalata yofika pa nyumba yolakwika. Iwo mpongozi anali atasankha kale mumtima mwawo, ndipo anali Nesi, mtsikana amene ankachita lendi chipinda kwa azakhali a Mawaya. Mawaya anachonderera, mlongo wake anachonderera, mpaka mayiwo anafewa pang'ono, n'kupereka kwa Kadontho ntchito ya makhadi oitanira anthu ku ukwati wa mwana wawo wamkazi. Anawonjezeranso mawu amene Kadontho ankawasunga ngati dzira: ukwatiwu ukadutsa bwino, amalume ake abwere, tidzadziwane. Amalume ake a Kadontho anali atachapitsa kale jekete. Ukwati unali utatsala masiku 9.

*

Kadontho sankapanga makhadi limodzilimodzi ngati mmene ena amachitira. Iye ankalemba malamulo m'chinenero chija cha kompyuta chimene osindikiza mabuku amayalira nacho masamba, ndipo kompyuta inkachita zotsalazo. Mayina onse anali m'fayilo imodzi, mzere uliwonse dzina la munthu ndi tebulo lokakhalapo. Pulogalamu yake inkawerenga mayinawo, n'kusunga chiwerengero chawo m'kabokosi ka nambala, kenako n'kuchigawa ndi 8, poti pa tsamba limodzi pankakwana makhadi 8. Yankho lake ndilo linali masamba oyenera kutuluka. Pamenepo pankayambira lupu, lamulo lija lozungulira pamodzimodzi: tenga mayina 8, dzaza tsamba, wonjezera 1 pa masamba, bwerera ukatengenso ena, mpaka masamba akwane.

Mayina anali 176. Masamba 22 ndendende, popanda wotsala. Anayesa katatu, ndipo katatu konse zinatuluka bwino.

Tsopano anatsegula fayilo ija, n'kuuza pulogalamu kuti imuonetse zimene zinali m'tibokosi take. Masamba analidi 22. Koma mayina anali 181.

Anatsikira m'munsi mwa fayilo. Kumapeto kwenikweni kunali mizere isanu imene iye sanailembepo: azakhali, amuna awo, ana awo awiri, ndi Nesi. Sanawerenge mpaka kumapeto kwa mizereyo, chifukwa maso ake anali atathamangira kale ku mzere wogawa uja.

Tibokosi timeneti timasunga nambala zathunthu zokhazokha, theka kapena chotsala sitimachidziwa. Ukatiuza kuti tigawe 181 ndi 8, timayankha kuti 22, asanu otsalawo n'kuwataya mwakachetechete, osapepesa, osachenjeza. Zimenezi Kadontho ankazidziwa kuyambira chaka chake choyamba pantchito, ndipo ndi iye amene ankakalipira ena akaiwala. Koma 176 inkagawika bwinobwino, ndipo mtsikana amene akuganiza za diresi yokavala pamaso pa apongozi salabadira zotsala. Mzere umodzi wokha wowerengera otsala sanaulembe.

"Cholakwa n'changa," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye unamuchotsadi," anatero a Lumo.

"Ayi. Koma mayina awa sindinalembe ine."

Anakumbukira tsiku losindikiza lija. Mawaya anabwera masana, iye ataitanidwa ndi abwana kukalandira inki pakhomo. Pobwerera anamupeza ali pampando wake. "Amayi akuti mayina angapo akonzedwe, ndakonza kale," anatero Mawaya, n'kumupsompsona pachipumi. Kusintha mzere m'fayilo anamuphunzitsa ndi Kadontho yemwe, masiku aja mnyamatayo ankabwera kawirikawiri ponamizira kudzaona masoketi a magetsi amene analibe vuto lililonse. Kadontho anangoyendetsanso pulogalamu, n'kuona masamba 22 monga kale, n'kutumiza ku makina. Masamba akanakhala 23 akanafunsa.

*

Mawaya anafika dzuwa lili pamutu, atavala ovolosi yake ya buluu, sikuludiraiva itatulukira m'thumba. Anali mmisiri wa magetsi, wamtali, wofatsa, wa maso amene ankachititsa munthu kumukhululukira asanapepese. Kadontho anamutengera kuseri, kumene ankaunjika mitolo ya mapepala, kuti makutu a a Lumo asamve zonse. Anamvabe, koma ndiye kuyesetsa kwake.

"Unati wakonza mayina," anayamba Kadontho. "Kukonza ndi kuwonjezera ndi chinthu chimodzi?"

"Ndimati ndikuuze."

"Liti? Ana a mlongo wako akadzayamba sukulu?"

Mawaya anakhala pa mtolo wa mapepala n'kugwira mutu. "Amayi anandipatsa kapepala kuti ndikupatse. Poyamba azakhali sanawalembe dala, unkadziwa kuti anayambana pa maliro a bambo. Kenako anagwirizananso, ndiye anati awonjezedwe. Nditaona dzina la Nesi pamenepo ndinadziwa kuti zikuwawa. Ndinaganiza kuti ndingolemba ndekha, makhadi atuluka, apita, basi."

"Ndiye ndikamuone ku ukwati atatchena, ine osadziwa kanthu?"

"Ndinkafuna mtendere, Kadontho."

"Waupeza?"

Kunja galimoto yobweretsa mapepala inkabwerera chammbuyo ikulira.

"Ukanandiuza kuti mayina awonjezeka, ndikanayang'ana," anatero Kadontho. "Mphindi imodzi yokha. Ndikanaona kuti asanu akutsala. Nesi ndikanamulembera khadi lake ndi manja angawa, mtima ukuwawa inde, koma ndikanalemba. Tsopano banja lako lonse likuti ndine wansanje wochotsa anthu pa ukwati wa eni. Amayi ako unawauza chiyani za kapepalako?"

Mawaya anayang'ana nsapato zake. Kadontho anali atazidziwa bwino nsapato zimenezi, chifukwa nthawi zonse nkhani ikavuta, mwini wake ankakambirana nazo.

"Ndinawauza kuti ndinakupatsa m'manja."

"Mayo ine."

"Tamvera. Ukangowauza kuti ndi makina analakwitsa, zitha. N'zoona, si choncho? Sukhala ukunama. Koma ukanena kuti sindinakupatse, aziti wayamba kale kundiphunzitsa kuwabisira zinthu. Ukudziwa mmene alili. Magazi awo akukwera masiku ano. Aletseratu zoti amalume ako abwere."

"Ndiye kuti amalume abwere, ine ndisenze bodza lako."

"Kwa masiku 9 okha. Ukwati ukangodutsa ndidzawauza ndekha."

Kadontho ankamukonda, ndipo chimenecho ndicho chinkamupsetsa mtima kwambiri. Anali atakonzeka kusenza cholakwa chake cha nambala, poti chinali chakedi. Koma mwamuna amene ankati adzamuteteza kwa aliyense anali atakhala pa mapepala kupempha kuti atetezedwe iyeyo kwa mayi ake omubereka.

"Dzuka pamenepo, ukupinda mapepala a eni," anatero, n'kulowa m'kati.

*

Pabalaza pa mayi ake a Mawaya panali poyera ngati sipakhala anthu. Mipando inali ndi nsalu zoluka pamitu, ndipo pakhoma panali chithunzi chachikulu cha malemu bambo atavala tayi. Kadontho analowa 4 koloko isanakwane n'kupeza kuti wina anafika kale. Nesi anali atagwada pambali pa mayiwo, akuwamasula lamba woyezera kuthamanga kwa magazi. Anali wokongola, zimenezo Kadontho sakanatsutsa ngakhale ankafunitsitsa, ndipo ankadziwa kabati imene munkakhala makapu osafunsa munthu.

"Akwerako pang'ono, amayi," anatero Nesi. "Musamaganize kwambiri."

"Ndilekerenji kuganiza, mwana wanga, anthu akundiganizitsa?"

Mawaya anali atakhala pakona. Mkwatibwi anaima pakhomo la kukhitchini manja atapinda, maso ali ofiira. Kadontho anapereka moni mwaulemu. Mayiwo anayankha ndi mutu wokha.

"Mlamu wanga wandiimbira m'mawa," anayamba mayiwo. "Mlongo wake wa mwamuna wanga. Wadikira khadi milungu iwiri, anzake onse a kutchalitchi atalandira. Akuti ndinangomunamiza kuti takhululukirana, akuti mchimwene wake atangotseka maso ine ndawataya. Akuti ku ukwati sabwera. Mwana uyu akwatiwa popanda munthu wa kwa bambo ake. Tandiuza, ndinakulakwira chiyani?"

"Simunandilakwire, amayi. Ndapota nanu, ndiloleni ndikuonetseni mmene zinachitikira."

Pa tebulo panali bokosi la machesi pambali pa kandulo. Kadontho anagwada, n'kuwerenga timitengo 21. Anaika 8 mulu umodzi, 8 mulu wina. Tisanu tinatsala m'dzanja lake.

"Mulu uliwonse ndi tsamba limodzi la makhadi. Ndinauza kompyuta kuti iwerenge milu yokwana, isindikize imeneyo. Ikafika pa otsala ngati awa, amene sakukwana mulu, simawawerenga. Ndinayenera kuiuza kuti otsalanso apatsidwe tsamba lawo. Sindinaiuze."

Mayiwo anayang'ana timitengoto ngati tawatukwana.

"Ndiye makina akowo amadziwa kusankha anthu otaya?"

"Samasankha, amayi. Amataya a kumapeto."

"Ndipo a kumapetowo anangopezeka kuti ndi mlamu wanga ndi mwana wangayu."

"Ndi amene analembedwa pomaliza."

"Alamu, anthu 176 onse analandira," anatero mkwatibwi. "Ngakhale woyendetsa basi analandira. Ukufuna tikhulupirire za machesi?"

"Mwina n'zoona," analowererapo Nesi mofatsa, akupinda lamba uja. "Makina amalakwitsa. Ngakhale kuchipatala zimachitika. Kungoti ife tikalakwitsa timawerenganso, poti ndi anthu."

Mawu amenewo anali ndi shuga pamwamba, koma anafika pamene anawatumiza.

Mayiwo anaweramira kutsogolo. "Za machesi zakozo sindikuzidziwa. Ine ndifunsa chimodzi. Kapepala kamene ndinalemba ndi dzanja langa, mayina asanu, Mawaya anakupatsa kapena sanakupatse? Ngati unakaona, unadziwa kuti pali makhadi asanu atsopano, ndipo munthu wa maso ngati iwe akanawafunafuna pa mulu. Ngati sunawafune, ndiye kuti sunafune kuti apezeke."

Kadontho anatembenukira pakona. Mawaya anali pa msonkhano ndi nsapato zake. Anamupatsa nthawi, anawerenga mumtima mpaka 10, ndipo mnyamatayo sanadzutse mutu. Chinamuwawa kuposa mawu onse a mayi aja. Akanatha kunena liwu limodzi lokha n'kudziyeretsa, koma liwu lomwelo likanaonetsa mayiwo kuti mwana wawo amawanamiza chifukwa cha iye, ndipo jekete la amalume likanabwerera m'sutikesi.

"Mayina onse anali m'kompyuta, amayi," anatero pomaliza. "Amene sanawerengenso ndine."

Mayiwo anatsamira kumbuyo n'kupuma mozama, ngati munthu amene wamva zomwe ankayembekezera.

"Chabwino. Mawa m'mawa usindikize makhadiwo. Uwatenge wekha, upite nawo kwa mlamu wanga, ukagwade, ukanene kuti ndiwe. Mawaya akuperekeza pa galimoto. Akavomera kubwera ku ukwati, nkhani ya amalume ako tidzaionanso. Akakana, usadzavutitse achikulirewo ndi ulendo."

Potuluka, Nesi anamuperekeza mpaka pageti, ngati mwini nyumba.

"Musadandaule kwambiri za ine, achemwali," anatero akumwetulira. "Ine khadi sindinkalidikira. Ndinauzidwa pakamwa kalekale."

"Anakuuzani ndani?"

"Aa, inunso. Muyende bwino."

Kadontho asanafike pokwerera basi, foni inalira. Anali Mawaya: "Zikomo. Sindidzaiwala zimene wachita. Ndimakukonda." Anawerenga, n'kuibweza m'chikwama osayankha.

*

M'mawa mwake anafika pantchito a Lumo akutsegula kumene mawindo. Kukonza pulogalamu sikunatenge nthawi yoti tiyi azizire. Anafufuta mzere wogawa uja wonse. Lupu ija anaisintha funso: m'malo mofunsa kuti masamba akwana kodi, izifunsa kuti mayina atha kodi, ndipo isaime mpaka dzina lomaliza litapeza malo. Anayendetsa. Pa sikirini panabwera masamba 23.

"Kanthu kakang'ono ngati kameneko?" anadabwa a Lumo ataima kumbuyo kwake. "Kameneko ndiye kakugwaditse pamaso pa anthu?"

"Kameneko."

Makina anakoka pepala lolimba lija la maluwa agolide m'mbali n'kulavula tsamba lomaliza, makhadi asanu pamwamba, m'munsi mopanda kanthu. Ulendo uno Kadontho anawerenga chilembo chilichonse. Azakhali, tebulo la achibale a kwa bambo. Amuna awo, chimodzimodzi. Ana awo awiri, chimodzimodzi. Anafika pa lachisanu n'kuima.

Pansi pa dzina la Nesi panalembedwa kuti tebulo la banja.

Tebulo limenelo Kadontho ankalidziwa pamtima, chifukwa analiyala yekha: mipando 10, ndipo yonse inali ndi eni ake. Pulogalamu yake inalinso ndi kabokosi kowerengera anthu pa tebulo lililonse, ndipo akapitirira 10 inkaima n'kudandaula. Sinadandaule. Ngati Nesi analowa ndipo anthu anakhalabe 10, ndiye kuti wina anatuluka.

Anafufuza dzina lake m'fayilo. Analipeza pamalo pake pomwe, pamzere wa 9. Koma kumapeto kwa mzerewo, pamene iye analembapo yekha kuti tebulo la banja, tsiku lija akumwetulira ngati chitsiru, tsopano panali mawu ena: tebulo la ojambula ndi oimba.

"Achemwali," anaitana. "Khadi langa munaliona podula?"

A Lumo, amene sankasowa chonena ngakhale pa maliro, anayamba kupukuta malo opukuta kale.

"Ndinaliona. Ndinkayesa ukudziwa. Ndinati mwina wasankha wekha kukhala ndi antchito anzako, kuopa maso a apongozi. Mnyamata wakoyo ndi amene analitenga pa mulu, anati akusungira."

Kadontho anatenga foni n'kuimbira mkwatibwi. Anayankha mozizira.

"Alamu, funso limodzi lokha. Amayi ndi amene anandichotsa pa tebulo la banja?"

"Kukuchotsa? Ayi. Kope lawo ndili nalo pano, ndimakonzera mipando. Uli pambali pa achimwene, monga kale. Sanasinthe, ngakhale dzulo atakwiya."

"Nanga Nesi?"

"Ali kwa azakhali. Pa kapepala kaja analemba onse asanu pamodzi, ndinalipo. Bwanji?"

"Palibe. Zikomo."

Anaika foni pansi pang'onopang'ono. Dzulo lonse anali atasenza mlandu poganiza kuti akuteteza munthu wamantha kwa mayi ovuta. Mantha akanawakhululukira, anali atayamba kale kuwakhululukira m'basi. Koma izi Mawaya sanatumidwe ndi mayi ake. Anakhala pampando uwu, pa kompyuta iyi, n'kufufuta ndi zala zake zimene Kadontho anaziphunzitsa yekha.

Anauza makina kuti asindikizenso tsamba limene panali khadi lake. A Lumo analidula n'kumupatsa khadilo.

Panja hutala inalira kawiri. Mawaya anali ataimika galimoto ya ntchito kutsogolo kwa khomo, makwerero atamangidwa pamwamba. Anali atavala shati yoyera yosita bwino, ndipo atamuona anatsika msanga kudzamutsegulira chitseko.

"Usaope, azakhali amakalipa koma amafewa msanga," anatero. "Ndikhala pambali pako."

Kadontho sanakwere. Anatulutsa makhadi awiri m'envelopu n'kuwaika pa boneti, limodzi pambali pa linzake, la Nesi ndi lake.

"Werenga."

Mawaya anawerenga. Nkhope yake inasintha, ndipo maso anayamba ulendo wawo wopita ku nsapato.

"Usayang'ane pansi," anatero Kadontho. "Ndipo usanene kuti ndi amayi, ndafunsa kale. Dzulo ndinagwada pamaso pa mayi ako chifukwa cha iwe. Pano ndikupita kukagwadira azakhali ako chifukwa cha iwe. Ndisanapinde bondo kachiwiri, ndiuze amene ndikumugwadirayo amandiika pati."

Anthu ankadutsa m'mbali mwawo kupita ku ntchito. Pawindo, a Lumo anasiya kunamizira kupukuta.

"Ndimati ndisinthenso ukwati usanafike," anatero Mawaya. "Ndimafuna ndipeze kaye njira yolankhulira ndi Nesi."

"Kulankhula naye chiyani?"

Ulendo uno anamuyang'ana m'maso, ndipo Kadontho analakalaka akanangoyang'ana nsapato.

"Mpando wa pambali pangawo ndinamulonjeza ndine, kuchipatala, bambo atagwira dzanja langa ndi lake. Iwe ndinali ndisanakudziwe. Ndipo sindinalonjeze mpando wokha, ndinalonjeza kumukwatira. Azakhali analipo, anamva zonse. Ndi zimene akufuna akakuuze lero."